Mtsikana wa Sipanala ndi Siketi ya Tenti

Nditalephera kachiwiri kusankhidwa kupita ku sekondale, adada anasiya kudzera kumsika poweruka kuntchito. Ankazungulira kudambo, kuopa kukumana ndi anzawo a ku Nkhata Bay, anthu amene ankayamba kufunsa za sukulu ya ana asanafunse za moyo. Adada anali kalaliki ku ofesi ya boma, ndipo ku Mchengautuwa konse ankadziwa kuti mlongo wanga ali ku sekondale, mkulu wanga akuphunzira zauphunzitsi. Akafunsidwa za ine ankangoti, "Ameneyo akupumula kaye."

Sindinali waulesi ayi. M'kalasi ndinkakhala kutsogolo, maso pa bolodi, koma mtima uli pa chitseko chimene chinkalira mphepo ikawomba. Ndinkafuna kudziwa kuti chikulirira pati.

Adada anaganiza kuti poti mutu wakana, mwina zala zivomera. Anandipereka kwa mayi wina amene ankaphunzitsa atsikana kutayipa kuseri kwa sitolo ina m'tauni. Atsikana tinali ambiri, makina ochepa, choncho ena tinkagogoda pa katoni yolembedwa zilembo. Tsiku limene ndinakhala pa makina enieni ndinamva kabelu kakulira mzere ukatha. Ndinawatembenuza chagada kuti ndikaone kabeluko. Mayiyo anandipeza nditalowetsa phini ya tsitsi m'mimba mwa makina, ndipo madzulo ake ndinali kunyumba.

Kenako kunabwera zosoka. Kutchalitchi kwathu kunali kalasi ya atsikana amene sukulu inawakana, ndipo mphunzitsi wake anali mayi wa ku Blantyre, wa Chichewa chosalala chimene ife tinkangochimva pa wailesi. Tinayamba ndi kadiresi ka khanda. Nditamaliza kanga, anakanyamula m'mwamba nakatembenuza uku ndi uku.

"Mwanangu, mwana wovala aka adzalowera pati?"

"Kumunsi, madamu."

"Chabwino. Nanga mutu udzatulukira pati?"

Pakhosi ponse ndinali nditasokapo, ndipo ndinasoka molimba.

M'kalasimo munali makina ena opalasa ndi phazi amene aliyense ankawathawa. Ankadula ulusi, ndipo ankamveka ngati nkhuku yachitopa. Tsiku lina masana, anzanga atapita kukagula chinangwa chootcha, ndinatsala ndekha. Ndinayala chitenje pansi, n'kutenga mpeni wa tebulo. Ndinkangofuna kuchotsa kachitsulo kamodzi kuti ndisuzumire. Koma kachitsuloko kanali kutchinga kena, kenako kanagwirana ndi kena. Pamene mphunzitsi amabwera, makina onse anali pa chitenje, m'mizere, kuyambira choyamba kuchoka mpaka chomaliza.

Sanakuwe. Anakhala pansi pa benchi, n'kutuma mtsikana wina kukaitana mdala wa ku Lupaso amene anali ndi chisakasa pafupi ndi msika, wokonza njinga ndi makina osokera.

Mdalayo anafika thalauza atalimanga ndi mphira m'miyendo. "Monire mose," anatero, kenako anazungulira chitenje chija ngati akuona mbewu kumunda.

"Waphwasula ndani?"

Onse anandiloza, ngakhale amene sanalipo.

"Wagwiritsa ntchito chiyani?"

Ndinamuonetsa mpeni uja. Anauyang'ana, nayang'ana ine, n'kukhala pansi. "Bweza. Ine ndingoonerera."

Ndinabweza mpaka dzuwa kupendeka, iye akundigwira dzanja pokhapokha ndikafuna kukakamiza chitsulo pomwe sichikulowa. Pansi pa bobini, kachitsulo kokulungapo ulusi, tinapezapo ulusi wopiringizana ndi kachidutswa ka singano yothyoka. Titamaliza, makina anayenda bwinobwino, koma pa chitenje panatsala kasikuluwu kamodzi. Mphunzitsi anakaona. Mdala anakatola, nakaponya m'thumba la malaya.

"Azungu amaikamo kena kapadera, amama. Musadandaule."

Loweruka lake mdalayo anabwera kwathu atavala jekete, kudzapempha kuti ndizikaphunzira ntchito kuchisakasa kwake. Adada anamulandira bwino, anamwa naye tiyi, koma atachoka anayamba kuyendayenda m'nyumba.

"Mwana wa kalaliki akakhale pamsika ndi sipanala? Mwana wamkazi? Anthu adzati chiyani?"

Amama anali kusankha nyemba m'lichero. Sanadzutse n'komwe mutu. "Ngati simukufuna, azikhala pakhomo pano tsiku lonse. Iyeyo ndi wailesi yanuyo."

Adada anayang'ana wailesi yawo pa kabati, ija tinkaiphimba ndi kansalu koluka. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Lolemba ndinayamba ntchito, ndipo kutchalitchi adada anayamba kuuza anthu kuti ndikuchita injiniyaringi.

Kuchisakasa ndinayamba ndi kumata machubu ndi kutsuka tcheni m'palafini, kenako kumanga masipoko, kenako mabuleki. Vuto linali eni njinga. Bambo akafika n'kundiona ndi sipanala, ankagwira chishalo mwamphamvu ngati ndikufuna kumulanda.

"Adada," ankatero kwa mdala, "njinga yanga asaigwire msungwana uyu."

"Yayi, ndikonza ndekha," mdala ankatero. "Pitani mukamwe tiyi."

Akangokhota, njinga inali yanga, mdala n'kugona pa benchi chipewa kumaso. Mwini wake akabwera ankaiyesa, n'kuthokoza mdala kuti, "Yewo chomene, dzanja la munthu wamkulu limadziwika." Mdala ankavomera ndi mutu, akuyasamula.

Masiku amenewo mkazi sankaloledwa kuvala thalauza, ndipo siketi inkayenera kuphimba mawondo. Lamulo limenelo silinkafunsa kuti ukugwira ntchito yanji. Ine ndinkagwada m'matope ofiira a Mzuzu ndi siketi yaitali yamaluwa, imene amama ankaichapa akudandaula.

Tsiku lina kunabwera wapolisi wamkulu thupi ndi njinga yopanda mabuleki. Iyeyu anakana kupita kukamwa tiyi, koma poti mdala anali atadzicheka chala m'mawa umenewo, analola monyinyirika kuti ndikonze ine. Nditamaliza, mdala anati ndikaiyese pa kamtsetse kanali kumbali kwa msika, monga tinkachitira nthawi zonse. Ndinakwera, n'kutsetsereka bwinobwino. Ndili pakati, mphepo inakankhira siketi m'tcheni. Ndinamva kukoka, kenako phokoso la nsalu ikung'ambika. Njinga inaima yokha, ine n'kutsika ndi mbali imodzi ya siketi itathera pamwamba pa bondo, inayo itakulungika m'magiya.

Ndinabwerera ndikukoka njinga imene gudumu lake lakumbuyo silinkazungulira, dzanja lina likuyesa kuphimba bondo. Amayi ogulitsa tomato anasiya kuitanira malonda. Kutsogolo kwanga kunali wapolisi, munthu weniweni woyenera kugwira atsikana a mawondo apamtunda.

Anandiona kamodzi, kenako anayamba kuyang'ana kumwamba ngati akufufuza mvula.

"Mabuleki akugwira?" anafunsa, maso ali kumitambo.

"Sindinawayese, bwana. Siketi ndi imene inayamba kugwira."

Anatsokomola, n'kutembenukira kwa mdala. "Adada, ine sindinaone kanthu. Ndikaona ndiye kuti ndiyende naye wapansi mpaka kupolisi, ndipo mapazi angawa ndi amene anandichititsa kuti ndiziyenda pa njinga. M'pezereni chofunda, maso anga akutopa."

Chimene mdala anapeza chinali chiguduli cha makala. Anandimanga nacho m'chiuno ndi mphira wa chubu, ndipo ndili m'chigudulimo ndinagwada n'kuchotsa siketi yanga m'magiya a njinga ya boma, chidutswa ndi chidutswa. Wapolisi anayesa yekha mabuleki, anagwira, ndipo anachoka osacheuka.

Kunyumba amama anaseka mpaka kukhala pansi. M'mawa mwake anapita kwa dalaivala wina woyandikana nafe, n'kupempha chidutswa cha tenti yakale ya lole. Masingano anathyokapo angapo, koma siketi inatuluka: yofika m'katumba, yolemera, yosadziwa mphepo. Ndikamayenda inkamveka patali.

Ndinakhala kwa mdala uja mpaka eni njinga anasiya kutumizidwa ku tiyi, ndipo pambuyo pake ndinatsegula benchi yanga ku Luwinga, kumene matelala a m'makonde ankandibweretsera makina awo pamutu. Ntchito imeneyo ndi imene yandidyetsa mpaka lero.

Siketi ya tenti ija inamwa girisi wochuluka moti siinkapindikanso. Amama anailetsa kulowa m'nyumba, choncho ndikaweruka ndinkaivula kubafa n'kuiimika pakhonde, ndipo inkaima yokha. Tsiku lina lachifunga kunabwera mkulu wa mpingo wa maso ofooka kudzacheza ndi adada. Atafika pakhonde anavula chipewa, n'kuwerama pang'ono, n'kupereka moni kwa siketi ija.

"Mwatandala uli, amama?"

Anadikira yankho kanthawi ndithu. Adada atatuluka, mkuluyo anawanong'oneza kuti mlendo wawoyo akuoneka ngati wakwiya.