Kabokosi Kamene Ndinakafunditsa Chitenje

Anzanga, ine ndi Asani tinadziwana chifukwa cha chitenje.

Ndimagulitsa madzi pa kiosk ku Chinsapo. Anthu a project anadzaika kabokosi pa mpope, kokhala ndi kasola pamwamba ndi kagetsi kobiriwira. Mvula itayamba, mtima wanga unali m'mwamba... kakanyowa adzati ndaononga ndine. Ndinakafunditsa chitenje changa.

Patapita masiku, kagetsi kanazima. Ndinalira!

Kunabwera mnyamata wa project pa njinga yamoto, Asani, laptop kumsana. Atavundukula chitenje anaseka mpaka kukhala pansi.

"Achemwali, mwakafunditsa ngati mwana? Aka kamadya dzuwa!"

"Ndiye sindimangidwa?"

"Ayi. Koma ndipatseni number, mwina mawa mukaveka juzi."

Kuyambira pamenepo ndinkamuimbira kagetsi kakangophethira. Nthawi zina kasanaphethire n'komwe.

Ine sukulu ndinalekeza Standard 4, koma Asani sankatopa nane. Anati zimenezi ndi blockchain. Makompyuta akuluakulu amasunga mbiri yonse ya malonda a madzi, koma aka mutu wake ndi waung'ono, batire n'chimodzimodzi. Ntchito ya Asani inali kukapeputsira katundu, kuti kazisunga kachidutswa komaliza kokha, zina kazifunsa anzake a pa makiosk a ku Biwi, Kawale ndi Mgona.

"Kamodzi kakhoza kunama, Zule. Koma onse akanena chimodzimodzi, ndiye zoona."

Network ikavuta ndinkaopa kuti kaonongeka. Iye ankandigwira dzanja. "Zulekha, relax. Kamadikira, sikaiwala."

Ankandithandiza kusenzetsa azimayi zidebe, shati yake n'kunyowa yonse. Ndinkadera nkhawa chimfine, iye n'kumaseka. Ndinamukonda, anzanga. Serious.

Tsiku lina ogulitsa madzi tonse anatiitana ku training. Pa break amayi a ku Biwi anati, "Mwamva? Asani wathu akumanga nikah mwezi wamawa."

Ndinati ndi miseche.

A ku Kawale anati, "Eya, ndi mtsikana wa ku Area 25."

A ku Mgona anatulutsa m'chikwama nsalu ya uniform ya ukwatiwo. "Ine ndagula kale. Iwe mwana, sunagule?"

Onse atatu, mawu amodzi...

Atabwera pa kiosk ndinamufunsa, mpope ukuthira m'chidebe.

"Asani, ndi zoona?"

Anayang'ana pansi. "Makolo anagwirizana kalekale. Ndinkafuna kukuuza, koma iwe umaopa msanga. Sindinafune ulire."

"Ndiye nawenso unandifunditsa chitenje?"

Chidebe chinasefukira, palibe anatseka.

Kabokosi anakakonza bwino, sikafunanso munthu. Kagetsi kamayaka tsiku lonse, ndilibe chifukwa choimbira. Ndimakasirira, kamasunga kachidutswa kokha. Ine ndinasunga zonse, kuseka kwake, shati yonyowa ija...

Anzanga, munthu ukamukonda usamuphimbe poti ukumuteteza. Muuze zoona, alire. Mvula sikanapha kabokosi kaja. Chinakazimitsa ndi chitenje.