Zinziri za Mayi Chundung

Mayi Chundung anagwira ntchito ya uzamba ku Bukuru zaka makumi atatu ndi zinayi, moti theka la anthu a kumsika anayamba kulirira m'manja mwawo. Atapuma pantchito anayesa kungokhala, koma zinawakanika. Ndiye mpongozi wawo anawabweretsera zinziri makumi awiri, zinayi mwa izo atambala, kuchokera ku Jos, pamodzi ndi makina ofungatira mazira, kabokosi koyera ka galasi pamwamba.

Makinawo anawaika patebulo la pabalaza, wailesi imene inali pamenepo n'kuitsitsira pansi. Anatolera mazira makumi asanu ndi limodzi, amawangamawanga, n'kumawatembenuza katatu patsiku atasamba m'manja mpaka m'zigongono. Amuna awo, a Davou, amene kale ankayendetsa galimoto za kumigodi, analetsedwa kutsokomolera pafupi.

Masiku khumi ndi asanu ndi awiri anakwana. Zii. Anadikiranso masiku anayi, kenako anaswa dzira limodzi, lina, linanso. Onse anali osukusa.

Anapita kukhola n'kugwira zinziri imodziimodzi, akuziyang'ana pachifuwa. Zonse zinali zazikazi.

"Bambo, atambala anayi aja ali kuti?"

A Davou anapinda nyuzipepala. "Aja osaikira aja?"

"Omwewo."

"Ankasokosa. Komanso amangodya chakudya chaulere."

"Ndafunsa kuti ali kuti."

"Msuzi wa tsabola uja, sabata imene munapita kumaliro ku Pankshin. Ndinakusungirani, munadya. Munati ukukoma."

Mayi Chundung anati, "Ana asanu ndi mmodzi tabereka m'nyumba muno. Mumaganiza kuti ndinkachita kubwera nawo kuchokera kuntchito?"

M'mawa mwake a Davou anakwera njinga yamoto kupita ku Vom, n'kubwerako ndi atambala asanu m'katoni.

Ulendo wachiwiri, pa tsiku loswa, mazira anayamba kugwedezeka. Kapepala ka makinawo kanati chivundikiro chisatsegulidwe mpaka onse ataswa. Izi n'zimene zinawavuta kwambiri mayiwo, chifukwa moyo wawo wonse anali asanaonererepo kubadwa manja ali kumbuyo. Anakoka mpando, nakhalira manja awo, mphuno ili pagalasi. Kamwanapiye ka m'dzira lina kanaboola kabowo kenako kanangoti duu.

"Limbikira iwe, usagone," anatero. "Anzako atuluka kale."

Kanatuluka chakumasana, konyowa, kakang'ono ngati chala chachikulu. Tsiku limenelo kunaswa anapiye makumi anayi ndi mmodzi. Mayi Chundung anapukuta maso n'kunena kuti m'chipindamo mwatentha.

Pano ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo zinziri zadzaza khonde lonse lakuseri. Lamlungu akaweruka kutchalitchi amagulitsa mazira pansi pa mtengo wa mango. Anthu amawafunsa ngati n'zoona kuti mazirawo amachiza shuga, mphumu ndi kuthamanga kwa magazi.

"Amachiza njala," amayankha. "Zinazo pitani kuchipatala."

Anthuwo amagwedeza mutu, n'kugula mathireyi awiriawiri.