Mbewu ya Zelesi M'munda wa Eni

Zelesi Nangondo anabadwira kumapiri a ku Tsangano, kumene mphepo ya m'chisanu imang'amba milomo ndipo mwana amadziwa kusankha mbatata ya kachewere asanadziwe kulemba dzina lake. Bambo ake anali mmodzi wa amuna aja ankapita ku Joni kukagwira ntchito m'migodi. Anabwerako ndi chikhoti chachikulu, chifuwa chosatha, komanso chidani pa juga, poti anaona anzawo akusiya thukuta lawo lonse pabulangete la makadi. Zelesi ankamva nkhanizo ngati zakutali. Chimene anagwiritsa kwa bambo akewo n'chimodzi: mbewu sadya, ngakhale njala itakhala pakhomo.

Ndipo mbewu ankaidziwadi. Anzake akamathamangira kugulitsa kachewere yense kwa mavenda, iye ankakhala pansi, miyendo tambalale, n'kumasankha mmodzimmodzi: wosabooledwa, wosakula kwambiri, wa maso ambiri. Ankamuyala pathandala m'kachipinda kakuseri, n'kumamutembenuza mpaka atatulutsa mphukira zonenepa. Mtundu umenewo anausunga kuyambira chaka chimene anakwatiwa, ndipo ndiwo unaphunzitsa ana ake anayi, n'kufolera nyumba ndi malata.

Mwamuna wake, Gracian, sanali munthu woipa, ndipo ndicho chopweteka pankhaniyi. Mowa sankamwa. Khasu ankaligwira ngati wina aliyense, Lamulungu n'kukaimba besi m'kwaya. Ndiye pamsika panatsegulidwa kasitolo kopaka utoto wowala, mkati muli wailesi yakanema yoonetsa mpira wakunja. Eni ake palibe anawaonapo. Anthu otere sabwera kumudzi. Amangotumiza utoto ndi nyimbo, n'kumadikirira kutauni kuti amphawi awatumizire nkhuku zawo. Ukafunsa ankati si juga ayi, n'kubetcha chabe, ngati kuti njoka ukaisintha dzina imaleka kuluma.

Tsiku lina la msika Gracian anagulitsa ndowa imodzi ya kachewere, analowa m'kasitolomo kuthawa mphepo, n'kuyesako. Anawina. Kukanakhala bwino akanaluza tsiku lomwelo.

Lamulungu lotsatira anaimirira nthawi ya maumboni, nati Mulungu wamukumbukira. Anagulira mpingo chimkuzamawu chatsopano, ndipo mkulu wampingo, a Jasper, anamusanjika manja. A Jasper anali mlimi wopeza bwino, wa ngolo ziwiri ndi munda wosaoneka malire. Sanafunse kuti mphatsoyo yachokera m'thumba la yani. Ndalama ya juga simera pamtengo. Imene Gracian anawina inali ya sopo ndi mchere ya makomo ena, koma tsikulo palibe anafuna kuganiza zimenezo. Amayi analuluta, ndipo Zelesi, mwana wa munthu amene ankadana ndi juga, analuluta kuposa onse. Mpaka lero akakumbukira nthungululu imeneyo amachita manyazi.

Kuyambira pamenepo amuna a mumpingomo anapeza chizolowezi chatsopano. Akagula timapepala tawo ta mpira, ankatipinda n'kutilowetsa m'Baibulo kuti tigone m'mawu a Mulungu mpaka Loweruka. Ena ankabwera nato kwa Gracian kuti atipempherere, poti iye dzanja lake linali litayankhidwa kale. Anthu osauka, ong'ambika zidendene, kumagwada pansi kupempherera anyamata a kutsidya kwa nyanja amene sadziwa n'komwe kuti padziko pali Tsangano!

Zelesi anatipeza timapepalato mmawa wina akufuna kuwerenga Baibulo asanapite kudimba. Titagwa pamphasa, anamuitana mwamuna wake.

"Bambo a Ida, izi zikutani m'buku la Mulungu?"

"Ndaziika m'manja mwa Ambuye, mayi. Kodi si Iwo anatipatsa ulendo uja?"

"Ine amene ndimawadziwa kuti anachita maere pafupi ndi Ambuye ndi asilikali aja anawavula malaya. Inu mwasankha kukhala mbali imeneyo?"

Gracian anaseka, nati akazi sadziwa za mpira. Koma kuwina kuja sikunabwerenso. Inapita mbuzi, akuti yadwala. Inapita njinga, akuti ili kokonzetsa. Zelesi anakadandaula kwa a Jasper, iwo n'kumuuza kuti mkazi wachikhristu amapirira, ndipo asamanyoze munthu amene Mulungu anamugwiritsa ntchito. Anabwerako mtima uli phuliphuli, koma anadzitonthoza kuti bola mbewu ili pathandala. Mbuzi imagulidwa ina. Mbewu ikakhalapo, khomo limadzukanso.

Mwezi wa Novembala mwana wake woyamba, Ida, ali woyembekezera, anapita kuchidikiro kuchipatala cha ku Nzama, ndipo Zelesi anapita kukamudikirira. Anachoka atapanga kale mizere, manyowa atathira. Anakhalako milungu itatu, mdzukulu anabadwa bwinobwino, ndipo anabwerera tsiku limene mvula yoyamba inagwa. Asanamasule n'katundu yemwe, anapita kuseri n'kutsegula kachipinda kaja. Pathandala panali mbee, patangotsala timphukira tothothoka.

Gracian anali atakhala pakhonde, mutu uli pansi.

"Mbewu yanga ili kuti?"

"Ndimafuna ndibweze mbuzi ndi njinga musanabwere. Inatsala timu imodzi yokha, mayi. Imodzi yokha."

Zelesi sanalire. Koma ndi mkwiyo, ngakhale madzi sanamwe tsiku limenelo. Nthawi zonse imatsala timu imodzi. Anazikonza choncho eni kasitolo kaja, kuti wosauka azibwerera mawa. Anafunsa kuti wagula ndani, mwina akamugwadire, koma Gracian anangoti ngolo inabwera, ndipo sanathe kumuyang'ana kumaso.

Mvula siyembekeza wolira. Mudzi wonse unali m'minda, ndipo mbewu nthawi yodzala imakwera mtengo kuposa nyama. Zelesi, amene moyo wake wonse anthu ankabwera kudzapempha nzeru za mbewu pakhomo pake, anamanga nsalu m'chiuno n'kupita kukafuna ganyu, kuti mwina apezeko ndowa imodzi yodzala m'mizere yakeyo. Amene ankalemba aganyu sabata imeneyo anali a Jasper.

Anamupatsa dengu n'kumuuza akatape mbewu pangolo. Atangopisa dzanja m'thumba loyamba, anaima. Khungu lofiirira lija, kukula kofanana kuja, mphukira zazifupi zonenepa zija. Mayi salephera kuzindikira mwana wake pagulu. Anatola mmodzi, namutembenuza, ndipo anakumbukira ndi tsiku lomwe limene anamusankha.

A Jasper anali ataima kumutu kwa munda, ambulera ili m'manja. Zelesi anapita n'kugwada patali pang'ono monga mwa ulemu, kachewere uja ali m'dzanja.

"Bambo, mbewu iyi mwaitenga kuti?"

"Ndinagula, mayi. Amuna anu anabwera okha."

"Munadziwa kumene ndalamayo ikupita?"

"Za m'thumba la munthu ine sindilowerera. Ndikanakana ine, akanagula mavenda. Bola yakhala mumpingo mommuno."

"Ndinabwera kwanu kudzalira, inu munati ndipirire. Kani mumadikira kuti zipse?"

Aganyu ena anasiya kudzala. A Jasper anayang'ana uku ndi uku, nati nkhani zotere malo ake si m'munda, ndipo ngati mayiyo sakufuna ganyu anene, ofuna alipo ambiri. Mawu amenewo ananenedwa ndi pakamwa pomwe paja pamatsogolera pemphero la odwala. Kulanda kwa kasitolo kaja n'kodziwika, poti mbala ndi mbala. Koma mbusa akamatola ubweya umene fisi wasiya n'kumati wagula mwachilungamo, nkhosa zithawire kuti?

Zelesi anafuna kutaya dengulo n'kumapita. Anaganiza za mizere yake ili yasa, namsongole atayamba kale kumera, ndi ana awiri amene anali adakali pasukulu. Anadzuka, napukuta maondo, n'kunyamula dengu.

Anadzala tsiku lonse. Mayi wina woyandikana naye mzere, Malita, anamunong'oneza kuti azingoponya mulimonse, mphukira zikathyoka zithyoke, mwini munda aone polekera. Zelesi anapukusa mutu. Kachewere aliyense ankamukhazika bwino, mphukira kumwamba, n'kumukwirira ndi dothi lofewa monga ankachitira chaka chilichonse. Misozi inayamba kugwa dzuwa litapendeka, ndipo sanaipukute, poti manja anali ndi matope.

Madzulo a Jasper anayendera mizere, naima pa ya Zelesi nthawi yaitali.

"Koma mayi inu mumadzala bwino," anatero. "Mawa mubwerenso."

"Ndibwera," anayankha Zelesi. "Atsala matumba awiri. Sindingalole kuti mbewu yanga aikwirire anthu osaidziwa."