Helikopita inabwera yopanda mlamu wanga

Ine sindinaulukepo. Ntchito yanga inali ya pansi. Ndinkapopa mafuta kuchoka m'migolo kulowa m'helikopita, kupukuta magalasi ndi kutsitsa ovulala. Inali nthawi imene asilikali athu ankalondera njanji ku Mozambique. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, choncho za m'mwamba zinali za ena. Koma ndegezo ndinkazikonda. Mpaka lero ikamadutsa pamwamba pa Mzuzu ndimaima n'kuyang'ana.

Mlamu wanga, mwamuna wa mlongo wanga, anali msilikali wa mfuti. Tsiku lina gulu lake linaukiridwa m'mbali mwa njanji. Helikopita inapita kukawatenga. Itabwera ndinatsegula chitseko. Ndinatsitsa amoyo, ndinatsitsa akufa. Iye munalibe. Ndinafunsa. Anandiuza kuti ndipitirize kupopa mafuta.

Kwawo kwa mlamu anakana kuika maliro. Akuluakulu ake anati mtembo palibe, ndipo amene anaona imfayo ndi maso ake sanabwere kudzanena. Popanda zimenezi mkazi samusudzula. Mlongo wanga anatsala mkazi wa munthu amene kulibe. Amuna ankabwera kudzafunsira, abale a mlamu ankawabweza. Mlongo wangayo wakalambira ku Mchengautuwa, kuno ku Mzuzu, akugulitsa makala. Tsopano shuga yamufoola, maso sakuonanso bwino. Za ukwati anaiwala kalekale. Chimene akufuna ndi chimodzi: amusudzule asanafe, kuti akaikidwe kwathu pafupi ndi amayi, osati kumanda a anthu amene anamumanga moyo wake wonse.

Chaka chatha mnzanga wina amene ankakonza mainjini anandipeza ku Luwinga, kumene ndimalondera sitolo. Anati anyamata akale a ndege akukumana pa loji ina ku Msongwe. Anatinso bwana amene ankaulutsa helikopita tsiku lija abwera kuchokera ku Lilongwe.

Ndinamuuza mlongo wanga. Anati, "Mubwere nawo kuno, achimwene. Adzanene okha pamaso pa alamu anga." Tinatumiza uthenga kumudzi. Mng'ono wake wa mlamu, amene tsopano ndiye mkulu wa banja lawo, anabwera n'kugona kwa mlongo wanga, kudikira.

Ku lojiko ndinapita nditavala jekete. Nditangolowa wina anakuwa.

"Wamigolo wafika! Iwe, ukadanunkhabe mafuta?"

"Inu mukadanunkhabe mantha," ndinayankha.

Anaseka. Tinagwirana chanza. Ena mano anatha, ena ndodo m'manja. Tinatchula amene anamwalira, ndipo anali ambiri kuposa ife. Panalinso mphunzitsi wina wa kuyunivesite amene amakonda za ndege. Anabwera ndi kahelikopita kapulasitiki n'kukaika patebulo. Ankafunsa chilichonse maso ali gwa, ngati nkhondo inali mpira.

Bwana uja anakhala kutsogolo. Ananenepa, tsitsi lonse mbuu. Mphunzitsi anamupempha kuti afotokoze za tsiku loopsa kwambiri pa ntchito yake. Anafotokoza za tsiku lomwe lija. Anatenga kahelikopita kaja n'kumasonyeza momwe anaterera zipolopolo zikulira, momwe ananyamukira ndege italemera. Anthu anaomba m'manja. Za mlamu wanga sananene.

Ndinadikira mpaka anatuluka panja. Ndinamutsatira.

"Bwana, mwandikumbuka?"

"Wamafuta! Muli uli, adada?"

"Tili makora. Tsiku mwanenali munasiya mlamu wanga."

Kumwetulira kunatha. Anayang'ana pansi.

"Wamtali uja? Wa mpata m'mano?"

"Yemweyo."

"Ndinamuona."

Ndinamufotokozera za mlongo wanga. Ndinati si patali, ndi ku Mchengautuwa pompa. Angofika, anene pamaso pa abale kuti munthu anafa, basi. Sitikufuna china.



"Sindinamuone akufa," anatero. "Ndinamuona akuthamangira ndege. Tinali titadzaza kale. Ndikanamudikira tikanagwa tonse. Ndinanyamuka. Potembenuka ndinamuona ataima, mfuti ataitaya, akutikodola ndi manja onse awiri."

"Munabwererako?"

"Mawa lake anapita mnzanga. Sanapeze munthu."

"Ndiye anafa. Angapulumuke ndani pamalo paja? Kaneneni kuti anafa."

"Adada, ine tsopano ndine mkulu wa mpingo. Sindingachitire umboni chimene sindinaone."

"Chabwino. Kaneneni chimene munaona."

"Pamaso pa mkazi wake? Ayi. Zimenezo ayi. Pepani chomene."

Bodza sangathe chifukwa cha mpingo. Zoona sangathe chifukwa cha manyazi. Koma mkati muja nkhani yomweyo anaitha bwinobwino, anthu akuomba m'manja.

M'katimo anayamba kuitana kuti tikajambulitse. Bwana anandigwira paphewa n'kulowa. Ndinamva mnzanga wa mainjini akufunsa kuti wamigolo ali kuti. Ndinatuluka pageti.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Mchengautuwa. M'njira ndinaganiza zongonena kuti bwana wadwala, kapena sanabwere. Koma mlongo wanga ananamizidwa kokwanira. Ndinamupeza atakhala pamkeka, atavala chitenje chake cha kutchalitchi. Mlamu wake, mng'ono wa mwamuna wake uja, anali pampando, chipewa pabondo. Panalinso mpando wina wopanda munthu.

"Ali kuti?" anafunsa mlongo wanga.

"Akana."

Ndinanena zonse momwe ndinazimvera. Sindinachotse kanthu, sindinaonjezere.

Mlamu wake anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako anati, "Yewo. Ndiye kuti mkulu wanga anamusiya wamoyo. Wamoyo ife sitimulira. Amama awa akadali athu."

Ndinati munthu wa zaka zonsezi osaoneka, angakhale moyo bwanji? Anati iye si amene anaika mwambo. Anavala chipewa, anatsanzika, anapita kukakwera minibasi.

Tinatsala awiri.

"Akuti anali ataima?" anafunsa mlongo wanga.

"Eya."

"Sanavulale?"

"Sananene zovulala."

"Ankawaitana?"

"Ankawakodola."

Anagwedeza mutu. Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje, koma sanalire mokweza. Zaka zonsezi ankaganiza kuti mwamuna wake anafa kamodzi n'kamodzi, osamva kanthu. Ine ndinamulanda zimenezo, ndipo chimene ndinapitira sindinabwere nacho.

Patapita nthawi anati, "Achimwene, ndikafa musakalimbane nawo. Mudzangonditengera kumanda kwawo komweko."

Ndinanyamula mpando uja n'kukabweza kwa aneba kumene tinabwereka.