Madzi Ofiira pa Dimba la Dona Felizarda

Lolemba m'mawa Dona Felizarda anaima pakhomo la shopu yanga atagwira mpiru wozula kumene. Kuphata kwake kunali kofiira. Malo amene ndimadindirapo zilembo pa makamizola, matisheti aja, ndi awo. Dimba lili kumunsi kwa shopu ndi lawonso.

"Bambo Tomasi, mpiru wanga walowa kwaya liti?"

Sindinaseke. Loweruka ndinadinda zilembo zofiira pa makamizola a kwaya ina ya ku Majaua. Sefa yodindira ndinatsukira kuseri. Mvula inagwa, madzi anatsetsereka.

"Ndikaonanso mtundu uliwonse kumunsi kuja, munyamule matabwa anu. Ndanena."

Malo ena m'tauni muno ndikanawapeza kuti?

Inu osadziwa ntchito yathu, tinta, utoto umene timadindira, ilipo mitundu iwiri. Ya madzi imalowa mu ulusi, nsalu imapuma, sefa timatsuka ndi madzi. Ya pulasitiki ndi yolimba, imakhala pamwamba pa nsalu, sefa timapukuta ndi sanza za parafini.

Madzulo kunabwera mlamu wanga Jonasi, amene amadinda kumsika.

"Mlamu, bwererani ku pulasitiki. Simutaya madzi ndi dontho lomwe. Yotsala mumakokolola n'kubweza m'chitini."

"Nanga sanza za parafini?"

"Timawotcha."

"Utsi apume ndani?"

"Mphepo ndi yaulere, mlamu."

Akazi anga, omwe ndi mlongo wake wamkulu, anali kusenda chinangwa pambali. Sanadzutse ndi mutu womwe.

"Iwe Jonasi, unachapapo chibadwire? Makamizola akowo tikawamenya pamwala, zilembo zimasweka ngati nkhanambo. Tizidutswa timapita ndi mtsinje. Kafunse amayi onse ochapa."



Apo ndinamva. Tinta zonse ziwiri zimadetsa. Ya madzi imadetsa pakhomo panga, tsiku lomwelo, ine ndikuona. Ya pulasitiki imakadetsa kumtsinje mpaka malaya atatha, kumene dzanja langa silifika. Nanga ndisankhe iti? Ndinasankha imene ndingaigwire pakhosi.

Ndinapeza migolo iwiri. Woyamba, madzi otsukira amagonamo mpaka matope a tinta atakhala pansi. Wachiwiri, wosefera madzi ochokera mu woyambawo, ndinaikamo miyala, makala, mchenga ndi saka pamwamba. Madzi otuluka pansi pake ndimatsukiranso sefa. Amangozungulira choncho. Pansi sagwa.

Lachinayi ndinadindanso zofiira, dala. Mvula inagwanso. Lachisanu Dona anafika, manja kumbuyo ngati wapolisi wa pamalire. Anatunga madzi a mgolo wachiwiri m'kapu, n'kuwayang'ana padzuwa.

"Ndimwe?"

"Ayi, Dona. Kuyera si kukoma."

"Ndithirire mpiru?"

"Ayi. Madzi awa satuluka m'shopu muno."

Anatsika kudimba. Anatsata ngalande yonse, akufukula dothi ndi kamtengo. Ine ndinaima pakhomo. Atabwerako anasasa matope kumapazi.

"Matabwa anu asiyeni pomwepo."

Basi. Ndapambana. Loweruka Jonasi anabwera ndi chingwe kudzayeza migolo yanga, akunamizira kuti wadzaona ana.

Koma musamve ngati ndikuti tinta ya madzi ndi mngelo. Ogulitsa ena pamalire amati, "Iyi ndi yachilengedwe, ilibe vuto." Bodza. Imamwa madzi ambiri. Nthawi yotentha imaumira m'sefa ukangotembenuka kulonjera munthu. Pansalu yakuda imaoneka yofooka. Ndipo ndaona odinda anzanga atanyamula sefa kukatsukira kumtsinje, poti dzina lake ndi ya madzi. Kumunsi anthu akutunga.

Ndi khalidwe lathu limenelo. Chinthu chikachoka pamaso timati chatha. Wokonza njinga zamoto amakhuthulira oyilo m'ngalande. Wophika kachasu amataya matsokwe pakhwawa. Wina amawotcha mapulasitiki kuseri kwa nyumba, utsi n'kulowa m'khitchini ya mnzake. Madzi saiwala khwawa, abale. Kumene apitako kuli munthu.

Matope a tinta ndimawaumitsa padzuwa n'kuwatsekera m'chitini. Kokawataya kwabwino sindinakupeze, ndiye chitinicho chili pansi pa tebulo langa. Ndimachigunda ndi phazi tsiku lililonse. Nyansi zanga ndikudziwa pomwe zili.

Zanu akumwa ndani?