Lichero la azakhali

M'chaka changa chomaliza ku yunivesite ndinkathandiza m'labu yofufuza mmene maso ndi ubongo zimagwirira ntchito limodzi. Kanali kachipinda ka makatani okhuthala ndi makompyuta atatu. Munthu ankakhala pampando, ife n'kumuonetsa zilembo zambirimbiri zofanana, iye n'kudina batani akapeza chimodzi chosiyana ndi zinzake. Kompyuta inkasunga nthawi imene watenga.

Onse amene tinkawayesa anali ophunzira anzathu. Tsiku lina aphunzitsi otiyang'anira, mayi ofatsa kwambiri, anandifunsa kwathu.

"Ku Thambani, ku Mwanza," ndinayankha.

"Ndiye holide ino mutenge laputopu iyi. Tatopa nawo maso a ana asukulu okhaokha."

Ndinaikulunga m'chitenje n'kuifungatira m'minibasi mpaka pa boma, kenako papikapu yodzaza matumba a feteleza.

Oyamba kuvomera anali azakhali, achemwali a bambo anga, amene akhala akulima ndi kusankha mtedza moyo wawo wonse. Tinakhala m'nyumba, chitseko chotseka kuti dzuwa lisawale pagalasi la laputopu. Zilembo zitaoneka, anayang'ana nthawi yaitali osadina kanthu.

"Mwana wanga, izi ndi za inu ophunzira. Ine ndikungoona tinyerere."

Ndinachita manyazi. Miyezi yonse ija sindinaganizepo kuti mayeso athu ankakomera munthu wozolowera zilembo. Ndinayamba kutseka laputopu, koma anandigwira dzanja.

"Ukufuna kudziwa ngati ndimaona? Tandipatsa lichero ilo."

Anathiramo mtedza n'kuugwedeza kamodzi. Ine ndisanaone chilichonse, zala zawo zinali zitatola kale njere zitatu zowola.

Masana amenewo ndinajambula lichero lija ndi foni kambirimbiri kuti zithunzizo zilowe m'malo mwa zilembo, iwo akundiuza poika njere yowola kuti ibisike bwino. Poimbira aphunzitsi ndinali ndi mantha kuti andikalipira chifukwa chosintha mayeso ndekha. Anaseka.

"Pitirizani, koma mulembe zonse mmene mwachitira. Azakhali anuwo musawayesenso, akudziwa kale pamene pali njerezo."

Azakhali sanadandaule. Anapita kukaitana amayi a kutchalitchi kwawo, ndipo sabata yonse pakhomo panali mzere, aliyense akudikira kulowa m'nyumba ya mdima ija kwinaku akuseka anzake otuluka. Nditabwerera kusukulu ndinaonetsa anzanga zithunzi zomwezo. Ankachedwa kutalitali poyerekeza ndi amayi aja, ena mpaka kuloza njere yabwinobwino.

Lipoti langa linali lalifupi. Anthu amene ndinawayesa anali ochepa, moti sindikanatha kunena zazikulu, ndipo aphunzitsi anaonetsetsa kuti ndalemba zimenezo poyera. Patsamba lothokoza ndinayamba ndi azakhali. Nditapita kumudzi ndinawawerengera, n'kuwamasulira mzere uliwonse.

Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Zikomo. Koma zithunzi zako zina sizinaoneke bwino. Dzanja lako limanjenjemera iwe."