Baba anatsala kutsidya kwa Shire

Tsiku limenelo ndinali pansanja m'munda wa mapira, kuthamangitsa mbalame. Ndinali mtsikana, mawere atangoyamba kumera. Ndimakuwa, "Haa! Haa! Chokani, mbava inu!" Mawu angawa si a ukalamba ayi, ndinabadwa nawo. Mai anali kumunsi kwa munda womwewo, akuthyola nkhwani. Dzuwa linali lisanafike pamutu.

Ndiye chitsulo chinalira.

Inu obadwira kuno ku Nsanje simuchidziwa chitsulo chimenecho. Kwathu kunali kutsidya, ku Mozambiki, kufupi ndi phiri lija mumaliona kum'mawa. Boma linatichotsa m'malo a makolo athu n'kutiika m'mudzi wa mizere. Linati tsopano ndife amodzi, tizilima munda umodzi wa thonje, tizikhala pamsonkhano. Akuti chimenecho ndiye chikomyunizimu. Dzinalo tinalimva mochedwa. Ife timadziwa chitsulo basi, gudumu la thirakita lopachikidwa pamtengo wa msangu pakati pa mudzi. Chikalira, umasiya chilichonse n'kuthamangira pabwalo. Wofika mochedwa amakumana ndi a Sekeretaryo, munthu amene boma linamuika kutiyang'anira. "Iwe ndiwe mdani wa anthu! Gona pansi!" Zikoti zisanu. Ngakhale nkhalamba.

Woliza chitsulocho anali baba anga. Ng'ona inawaphwanya mwendo ali mnyamata, moti amayenda ndi ndodo. Kumunda wa thonje sakanatha, ndiye anawapatsa ntchito imeneyo. Amaliza mwaulemu. Ngoo, apume. Ngoo, apume.

Tsiku limenelo sanapume. Ngo-ngo-ngo-ngo-ngo!

Ndili pansanja paja ndinaona zimene baba anaona. Amuna ambiri pamzere, akutuluka m'udzu cha kuphiri, mfuti pamapewa. Anali anthu a m'tchire aja timangowamva. Ndinaonanso njinga ya a Sekeretaryo ikuzimiririka kunjira ya kumpoto. Baba kuthamanga sakanatha. Anali ndi chitsulo chokhacho. Amachimenya uku akufuula kuti thawani, thawani, koma chitsulo chimameza mawu awo.

Anthu anataya makasu. Anathamanga, inde. Anathamangira pabwalo. Chitsulo chikalira mofulumira chonchi, aliyense amadziwa kuti a Sekeretaryo akwiya, lero zikoti zichuluka. Azimayi amathamanga ana akulendewera kumbuyo. Wina ndinamuona akubwerera kukatola khadi lake la chipani kuti asakamenyedwe.

Ndinakuwa ndi mphamvu zanga zonse. "Musapite! Nkhondo! Nkhondo!" Koma ine ndimakuwa tsiku lililonse pansanja imeneyo. Amene anatukula mutu ndi mai okha. Anandikokera pansi pogwira mwendo, tinagona chafufumimba m'mapira. Munda wathu unali wogundana ndi bwalo. Timaona zonse m'mipata ya mapesi.

Anthu a m'tchire aja anafika pabwalo. Mtsogoleri wawo anali wamfupi, atavala nsapato zosiyana. Anakwera pampando wa a Sekeretaryo.

"Tabwera kudzakumasulani! Chikomyunizimu chatha lero! Kutsogoloku muzidzasankha nokha okulamulirani, ngati kwa azungu. Ombani m'manja!"

Anthu anaomba m'manja.

Kenaka anayamba kuwasecha. Wopezeka ndi khadi, mbali iyi. Anyamata amphamvu, mbali iyo, oti akasenze katundu. A mbali ya makhadi anawatengera kuseri kwa nkhokwe ya thonje. Sindinena. Mai anandiphimba makutu, koma mfuti ilibe chophimba.

Atatha, wamfupi uja anapita kwa baba. Baba anali atakhala pansi pa msangu, chomenyera chitsulo chili m'manja. Ndinati basi, awapha. Ayi. Anawagwira paphewa pamaso pa anthu onse.

"Madala, takhuta, zikomo kwambiri. Mwatisonkhanitsira anthu. Tikanavutika kuwasaka m'minda."

Anatulutsa ndudu imodzi n'kuwatsomeka kukhutu. Anyamata ake anaseka. Anayatsa nyumba, mzere ndi mzere, n'kumapita.

Otsala tinanyamuka madzulo omwewo kulowera ku Shire. Tinayenda masiku awiri. Munthu wabwinobwino amafika tsiku limodzi, koma ife tinali ndi baba. Anzathu amatipitirira. Palibe anatipatsa moni. Mayi wina amene timatunga naye madzi chitsime chimodzi analavula malovu pansi potidutsa.

Tinadya mapira aawisi amene mai anamanga m'nsalu. Pofika kudambo tinakumba nyika m'matope, mizu ija ya maluwa a m'madzi, tinatafuna zosaphika. Mwendo wa baba unatupa mpaka pabondo. Njira yonse analankhula kamodzi kokha. Anati, "Ndimati athawe." Mai anati, "Ndikudziwa, baba wa Chanaze." Chanaze ndine.

Padooko panali mwadiya umodzi, bwato la a Zuze, msodzi wa m'mudzi mwathu. A Zuze anali ndi ana aamuna awiri. Wamkulu anatsala kuseri kwa nkhokwe ya thonje. Wamng'ono anapita ndi katundu pamutu. Iwo anapulumuka chifukwa anali kumtsinje. Tsopano amaolotsa anthu, osalipiritsa munthu. Apite, abwere. Apite, abwere. Maso ofiira.

Itafika nthawi yathu anaimika mphondo, mtengo wokankhira bwato, m'madzi.

"Inu mayi ndi mwanayu, kwerani. Uyo nkhabe, sakwera."

Mai anagwada m'matope. "Achimwene, chonde. Munthuyu mwakula naye. Mukumudziwa."

"Ndikumudziwa. Ndamva kuti anamupatsa fodya. Akamuolotse omwe anamupatsawo."

Ine ndinayamba phokoso. "Baba sanatero! Ine ndinaona! Ndinali pansanja!" Palibe anandiyang'ana. Anthu onse padooko amayang'ana madzi.

Baba anakwawira pansi pa mtengo wa mkuyu, anatambasula mwendo wawo, anaika ndodo pambali.

"Pitani. Mtima wa munthu umatsika. Ndibwera ulendo womaliza."

Tinakwera. Mai anakhala choyang'ana kumbuyo mpaka tinagunda gombe la Malawi.

Ulendo womaliza unabwera ndi nkhalamba ziwiri ndi mbuzi. A Zuze anakokera mwadiya kumtunda, anauvundikira, anakhala pamwamba pake.

Baba anali atavala malaya oyera a m'tchalitchi. Kuchokera tsidya lino timawaona, kadontho koyera pansi pa mkuyu. Mai anayenda gombe lonse kupempha asodzi a kuno. Onse amati, "Pepani mayi, kumeneko akuombera mabwato." Tsiku loyamba kadontho kanalipo. Lachiwiri kanalipo. Ndimakuwa, "Babaaa!" mpaka mawu anatha. Shire ndi wamkulu pamenepo. Lachitatu kunabwera lole ya boma, anatikweza tonse kupita kumsasa wa othawa nkhondo. Pamene timakwera, kadontho kanali kadakalipo.

Sipanathe masabata ambiri, anatiuza kuti tisese msasa, kukubwera akazembe a maiko a azungu. Anatifoletsa padzuwa kuyambira m'mawa. Anabwera ndi magalimoto oyera asanu, timbendera tikupepeluka kutsogolo. Wamkulu wawo anali wamtali, nkhope itafiira ndi kutentha kwa kuno, akudzipukuta ndi kampango. Amalankhulira m'mphuno. Womasulira anali Mmalawi wa tayi.

"Akuti dziko lawo ndi bwenzi lanu! Akuti akugwira ntchito usana ndi usiku kuti dziko lanu lisiye chikomyunizimu! Akuti akufuna kuti kutsogoloku muzidzasankha nokha okulamulirani!"

Mai anandifinya dzanja. Mawu amenewo tinali titawamvapo kale, kwa munthu wa nsapato zosiyana.

Ine ndinadumpha pamzere. "Bwana! Bwana! Baba anga ali kutsidya! Ngolumala! Inu muli ndi magalimoto asanu, mulibe bwato limodzi?"

"Iwe mwana, khala pansi! Ukudziwa amene ukulankhula nawo?" Ameneyo ndi wa tayi.

Koma mzungu anakweza dzanja. Anawerama, anandiyang'ana m'maso. Maso ake anali achifundo, sindinama. Anafunsa kanthu.

"Akuti bambo akowo anali mbali iti? Ya boma kapena ya enawo?"

Ndinati, "Ali pansi pa mkuyu, padooko. Avala malaya oyera."

Wa tayi anamasulira. Mzungu anatulutsa kabuku, analemba. Ndinaona ndi maso angawa cholembera chikuyenda.

"Akuti akuluakulu a mbali zonse ayamba kukambirana kunja. Akuti nkhondo ikatha, mabanja onse adzakumana. Akuti ulimbe mtima."

Ndinakhulupirira. Munthu walemba m'buku, ungakayikire bwanji? Galimoto loyera lililonse likalowa mumsasa ndimathamangira, kusuzumira pawindo. Mumakhala matumba a nandolo. Mumakhala mabulangete. Madalaivala anafika pondidziwa. "Uyo wabwera, mwana wa malaya oyera." Ndinathamangira magalimoto mpaka ndinakwatiwa.

A Zuze anali mumsasa womwewo. Pamzere wa ufa amaima patsogolo pathu, mwezi ndi mwezi, chaka ndi chaka. Sanatiyang'anepo. Mwana wawo wamng'ono uja sanabwere. A Zuze atamwalira, mai anapita kukakhala pamaliro. Ine ndinakana.

Kukambirana kuja kunatenga zaka. Kenaka tinamva pawailesi kuti agwirana chanza. A boma ndi a m'tchire, onse avala majekete, onse ndi zipani tsopano. Kuno ku Malawi nakonso kunayamba matipate. Azungu omwe aja anatumiza anthu kudzatiphunzitsa kuvota, kupinda pepala, kuviika chala mu inki. Amatiimbitsa nyimbo. Akuti demokalase yapambana, tsidya lino ndi tsidya ilo. Ine ndimavota, musaone ngati sindivota. Ndimaviika chala ngati anzanga.

Njira zitatseguka mai anaoloka, ali ndi mwamuna wanga. Mkuyu anaupeza. Anafunsa m'midzi yonse ya m'mbali mwa mtsinje. Wina anati anaona munthu wolumala akubwerera cha kuphiri. Wina anati madzi anasefukira chaka chimenecho. Wina anati anthu okhala pansi pa mitengo anali ambiri, angadziwe uti? Kumudzi wa mizere anapeza tchire. Anabwerako patatha masiku asanu ndi anayi, atavula nsapato, atazigwira m'manja.

Anthu a kwathu anakwera malole kubwerera. Ife tinatsala. Mai anati sangakakhale pakati pa anthu aja, komanso sangapite kutali ndi dooko.

Kwathu munthu akamwalira, abale amameta tsitsi, maliro amatha, wamasiye amamasuka. Koma pamafunika munthu mmodzi woti aime n'kunena kuti ndaona mtembo. Palibe ananena. Akuluakulu a mpingo anabwera kangapo. "Mayi, zaka zapita, tiyeni tingometa." Mai amati, "Wamuona ndani?"

Tinaoloka awiri. Mai tinawaika kuno, zaka zitatu zapitazo, tsitsi lawo lonse lili kumutu, loyera. Baba sitinawalire mpaka lero.